Mimba Imene Inandiletsa Kukwera Phiri la Kwathu

Nkhani iyi sindinainenepo pagulu chibadwire changa. Munthu mmodzi yekha ndi amene anaimvapo. Ngakhale mayi a kunyumba, amene akhala apo pafupi ndi chitseko, aimva yonse lero limodzi ndi inu. Ndailemba m'kope chifukwa ndikamayankhula za pamtima ndimakonda kuthawira m'mbali. Mundipirire ndikamakakamira powerenga. Sukulu ndinayamba ndili ndi imvi kale, ya kwacha ija, ndipo zilembo zina zimandithawabe.

Ambiri mumandidziwa. Ndine Dayisoni wa golosale ya ku Lisungwi, uja ana ankamutcha a Mgolo. Timakumana pa benchi ino mwezi ndi mwezi kudzalandira mankhwala a shuga ndi a bipi. Anamwino athu, a Nangozo, andipempha kuti ndikuuzeni mmene ndinachepetsera mimba popanda kupita kujimu. Ndawayankha kuti sindingathe kunena za mimba osanena za phiri.

Kwathu ndi kumapiri, kuseri kwa Nsambe, mudzi umene galimoto sinafikeko. Njinga yamoto imakusiyani pamtsinje. Mukawoloka, kwatsala ndi miyendo yanu, chikweza chokhachokha. Tinabadwa atatu: ine woyamba, mchemwali wanga Ketirina, ndi mng'ono wanga Fanuwelo. Ine ndinatsika ndili mnyamata, n'kuyamba kugulitsa manachesi ndi mbatata, mpaka ndinatsegula golosale. Golosale itabwera, mimba inatsatira.

Kwathu kuno munthu akanenepa sitifunsa kuti akudwala chiyani. Timati wadalitsika. Kutchalitchi ankandikhazika kutsogolo. Pamaliro ankandisungira mpando, anzanga atakhala pa njerwa. Ndinamvapo mayi wina akuuza mwana wake kuti, "Limbikira iwe, udzanenepe ngati a Dayisoni." Ndipo ine ndinkasisita mimbayo ngati mbuzi yoweta.

Zaka zoposa makumi awiri zapitazo ndinakwera kumudzi kukadya Khirisimasi. Ndinali ndisanafike ponenepa kwenikweni, komabe panjira ndinapuma kasanu, ndikubisala m'tchire kuti anthu asaone befu wanga. Nditafika ndinapukuta thukuta, n'kulowa m'mudzi ngati munthu wamphamvu.

Fanuwelo anali atatenga mkazi wake, Esinati, kudzakhala naye kwathu. Mlamu wangayo anali woyembekezera, mwana wawo woyamba. M'mawa mwa tsiku lachitatu nditafika, matenda anayamba, ndipo anayamba moipa, ndi magazi. Azamba anatuluka m'nyumba manja ali m'mwamba.

"Uyu si wa ine ayi. Mangani machira, mupite naye kuchipatala."

Amuna ambiri anali atapita kumaliro kumudzi wina. Pamudzi tinapezeka anayi: Fanuwelo, abambo ena awiri, ndi ine. Tinadula nsungwi, tinamangirira bulangete. Bambo mmodzi anayang'ana mitambo, nati, "Anayi ndi ochepa panjira ija. Titume munthu kumaliro, abwere ena osinthana nawo."

Fanuwelo anati, "Tidikirirenji? Mtsinje udzaza. Achimwene alipo. Taonani thupi ili, angathe kunyamula mbali yonse okha."

Onse anandiyang'ana, ndipo anaseka pang'ono, kuseka kwa mantha kuja.

Abale anga, tchimo langa linachitikira pamenepo, tisananyamule n'komwe. Ine ndinkadziwa. Ndinkadziwa kuti m'thupi lonselo munalibe mpweya. Ndikanangonena kuti, "Sindingathe, itanani ena," munthu akanathamanga nthawi yomweyo n'kutipeza panjira. Koma bwana wa golosale anganene bwanji kuti sangathe, amayi onse akumuona? Ndinavula jekete, ndinaika nsungwi paphewa.

Sitinapite patali. Njira inali yoterera, ndipo potsika katundu yense amathamangira m'mawondo. Miyendo inayamba kunjenjemera. Pachifuwa panali ngati pakhala munthu. M'maso munayamba kuda. Ndinaona kuti ndigwa, ndipo anthu adziwa chifukwa chake. Ndiye ndinasankha kugwa mwa njira yanga. Ndinakuwa, "Mayo, phazi! Ndabinya phazi!" N'kukhala pansi pamwala.

Anatsitsa machira. Fanuwelo, mkazi wake akutaya magazi pomwepo, anagwada patsogolo panga, anang'amba malaya ake, nayamba kundimanga phazi. Phazi labwinobwino. Ine ndikubuula. Ndipo m'bulangete muja munatuluka mawu, otsika kwambiri:

"Alamu, pepani. Ndakuvutitsani."

Amenewo ndi mawu omaliza amene Esinati anandiyankhula.

Atatu sakanatha kunyamula pamalo otsetsereka ngati amenewo. Fanuwelo anathamanga kubwerera, mpaka kumaliro kuja. Pamene ankafika ndi amuna ena, mvula inali itayamba kale kumtunda. Anatsika naye, koma anapeza mtsinje wadzaza mpaka m'mitengo. Anadikira pagombe mpaka dzuwa linapendeka. Esinati anatsirizikira pomwepo, mwana ali m'mimba. Chipatala sanachione.

Ine ndinatsimphina mwezi wathunthu. Pamaliro ndinayenda ndi ndodo, anthu n'kumandigwira dzanja: "Pepani a Dayisoni, munayesetsa." Ndinalandira chipepeso cha bodza langa.

Nditatsika, sindinakwerenso. Khirisimasi ikafika ndinkatumiza shuga ndi sopo. Maliro akagwa ndinkatumiza nsalu ndi uthenga woti phazi lija likuvutabe. Ndinayamba kumwa, poyamba madzulo okha, kenako kuyambira masana kuseri kwa kauntala. Mowa umafuna kanyenya, kanyenya amafuna tchipisi, tchipisi chimafuna zoziziritsa kukhosi. Ndinkadya ngati ndikukwirira chinthu. Tsiku lonse pampando, kudzuka kokha kukapereka chenji. Lamba anatha mabowo. Nsapato ankandimanga akazi anga, mayi a Yohane. Kugona chagada kunakanika, ndinkagona chokhala, nditatsamira khoma. Kenako shuga, kenako bipi, ndipo ndinapezeka pa benchi ino. Anthu pamsika ankanenabe kuti, "Koma a Mgolo zikuwayendera."

Ndikuuzeni pamene ndinafika, chifukwa mwina wina pano ali pafupi napo. Tsiku lina masana ndinalowa m'chimbudzi, ndinanyonyomala, ndipo ndinalephera kudzuka. Mawondo anangokana. Ndinayesa kugwira khoma, dzanja linaterereka, ndinagwa chammbali n'kutsekereza chitseko ndi thupi langa. Ndinakhala pansi pamenepo nthawi yaitali, ntchentche zikundizungulira, ndikuchita manyazi kuitana. Potsiriza ndinaitana.

"Mayi a Yohane!"

"Mwatani kodi?"

"Ndagwa. Musaitane munthu."

"Nanga ndikunyamulani ndekha? Ndine thirakitala ine?"

Anaitana akalipentala oyandikana nafe. Anazula chitseko, ndipo amuna atatu anandikoka, buluku lili m'mawondo. Palibe anaseka pamaso panga. Anakasekera kumsika.

Mwana wanga Yohane amagwira ntchito ku Blantyre. Atamva, anabwera kudzanditenga. "Adadi, izi zatha. Ndakulembetsani kujimu." Ndinapita. Nyumba yake yozizira, nyimbo zaphokoso, anyamata ndi atsikana atavala zothina, makina a lamba woyenda pansi pa mapazi. Makoma onse anali magalasi. Kunyumba kwathu kagalasi ndi kometera ndevu, kamaonetsa chibwano chokha. Kumeneko ndinadziona ndense, kutsogolo ndi kumbuyo nthawi imodzi, ndipo ndinafuna kufunsa kuti nkhalamba yotupayo yalowa bwanji muno. Anandikweza pa lamba uja, ndinatsika mutu ukuzungulira. Anandipatsa tizitsulo tonyamula, ndinanyamula. Ndinapitako masiku anayi. Koma jimu ili ku Blantyre, golosale ili ku Lisungwi, ndipo munthu sungasamuke kwanu chifukwa cha lamba woyenda. Ndinakwera minibasi, ndinalipira mipando iwiri monga mwa nthawi zonse, n'kubwerera ku mowa wanga.

Chaka chatha, anthu akukolola, Ketirina anandiimbira foni.

"Achimwene, Fanuwelo wagwa kumunda. Akuti ndi sitiroko. Mbali imodzi yafa."

"Ali kuchipatala?"

"Tinapita naye, atibweza ndi mankhwala. Ali pakhomo. Akungofunsa inu."

"Mupatseni foni."

"Lilime silikumveka bwino pafoni. Ndiponso wakana. Akuti akufuna nkhope."

Fanuwelo sanakwatirenso. Alibe mwana. Zaka zonsezo anakhala yekha m'nyumba ija, pafupi ndi mchemwali wathu. Ndinadziwa kuti akafa ndisanamuuze za phazi lija, ndidzalowa nalo m'manda.

M'mawa mwake ndinanyamuka. Wa njinga yamoto atandiona anagwira chiuno. "Madala, njingayi ndi ya anthu awiri. Inu muli kale awiri, ine ndikhala pati?" Komabe anandinyamula mpaka pamtsinje. Madzi anali ochepa, ndinawoloka. Ndinayamba chikweza. Sindinafike ngakhale pamtengo wa masuku woyamba, umene uli pamtunda woti munthu ali pamtsinje angakuitane n'kumva. Chifuwa chinatseka, miyendo inasanduka phala. Ndinagona m'njira ngati thumba logwa pangolo. Amayi ena ochokera kuchigayo anandithira madzi kumaso.

Ketirina atamva anaimbanso. "Musavutike achimwene. Nditumiza amuna asanu ndi atatu ndi machira, akunyamuleni."

Ndinadula foni. Machira! Ine, kunyamulidwa panjira imene ija, kudutsa pamwala umene uja, kukatsitsidwa pakhomo pa Fanuwelo. Ndinalira ngati mwana, wa njinga akuyang'ana kumbali. Mchemwali wanga sanamvetse chifukwa chake ndinakana, ndipo anakwiya nane miyezi iwiri.

Sabata yomweyo linali tsiku lathu pano. Enanu munalipo. Bipi inali itakwera moti a Nangozo anayeza kawiri. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"A Dayisoni, mwatani? Mowa?"

"Mowa ulipo. Koma si umenewo."

Ndinawauza za mng'ono wanga ndi za chikweza. Za phazi sindinanene. Ndinati, "Mwana wanga anayesa, anandipititsa kujimu. Koma kuno kulibe jimu. Ndiye basi, zatha."

"Kujimuko munkatani?"

"Ndinkanyamula zitsulo."

"Zolemera bwanji?"

"Ngati kandowa ka madzi."

Anaika cholembera pansi. "Inu mukuyenda ndi thumba la feteleza m'malaya tsiku lililonse, ndiye mukulirira kachitsulo ka eni ake? Katundu muli naye kale. Chimene mulibe ndi miyendo yomunyamulira. Pindani manja pachifuwa."

Ndinapinda.

"Dzukani pa benchipo. Osagwira pena paliponse."

Ndinaganiza kuti akuseka. Munthu wamkulu, kudzuka pa benchi? Ndinaweramira kutsogolo, ndinakankha pansi ndi mapazi. Palibe chinachitika. Thupi linangogwedezeka n'kubwerera. Ndinayesanso. Thukuta linatuluka. Benchi yonse inali chete, kupatula mayi wina wokalamba kumapeto uko amene anati, "Mubwereke jeke wa minibasi." Anthu anaseka, inenso ndinafuna kuseka, koma m'maso munadzaza madzi. Kachitatu ndinanyamuka pang'ono, mpata woti dzanja lingalowe pansi panga, n'kugweranso pomwepo. Benchi inalira.

A Nangozo sanaseke. Anati, "Mwaona? Mwanyamuka. Phiri lanu layambira pamenepo."

"Ndingadzafike?"

"Sindikulonjezani. Mtima wanu ndi wotopa, ndipo zaka zapita. Zitenga miyezi yambiri. Mukathamangira mudzafera panjira."

"Nanga mng'ono wanga adikira miyezi yambiriyo?"

"Zimenezo sindikudziwa, bambo."

Ndinatuluka muno wopanda chiyembekezo chenicheni. Ndinangoona kuti njira zina zonse zatsekeka, yatsala yopusa yokhayi.

Tsopano ndinene zimene ndinkachita, poti ndi zimene mwandiitanira. Ndinayambira pa mpando wautali wa m'golosale, chifukwa pa mpando wautali kudzuka n'kosavuta. Kukhala, kudzuka, kukhala, kudzuka, manja pachifuwa. Tsiku loyamba kanayi. Patapita masabata ndinasamukira pa mpando wa kunyumba, kenako pa benchi, ndipo patapita miyezi pa kampando kakafupi kamene mayi a Yohane amakhalira pophika. Chachiwiri chinali khoma: kuima patali pang'ono, manja pakhoma, kupinda zigongono mpaka mphuno itayandikira njerwa, n'kudzikankha kubwerera. Khoma litapepuka ndinayamba kukankha kauntala, imene ndi yotsika, ndipo thupi limalemera kwambiri m'manja. Chachitatu chinali sitepe ya pakhonde: kukwera ndi mwendo uwu, kutsika, kukwera ndi winawu. Chimenechi ndinkadana nacho koposa, chifukwa ndi chimene chimafanana ndi phiri. Madzulo, dzuwa likazizira, kuyenda. Poyamba mpaka pachigayo. Kenako mpaka pamlatho.

A Nangozo anandilamula zinthu zitatu, ndipo ndikuzibwereza kwa inu. Mankhwala osasiya. Osachita m'mimba muli mbee, poti ife a shuga tikhoza kukomoka. Ndipo pachifuwa pakapweteka kapena m'maso mukada, kusiya pomwepo n'kubwera kuno. Anandiuzanso mosabisa kuti mpando wokha sungachotse mimba ngati mbale ili yomweyo. Mitanda isanu inatsika kufika iwiri, ndiwo zamasamba n'kuchuluka. Tiyi wopanda shuga, amene mpaka lero ndimamwa ngati chilango. Zoziziritsa kukhosi ndinkagulitsa ndi dzanja langa tsiku lonse osatsegula ngakhale imodzi. Mowa ndiye unandivuta kuposa zonse, ndipo sindinganame kuti ndinausiya tsiku limodzi.

Kuwerenga kunkandisokonekera befu akandigwira, ndiye ndinkaika nyemba m'thumba la kumanja. Ndikadzuka kamodzi, nyemba imodzi ipite kumanzere. Ndinkachitira kuseri kwa golosale m'mamawa, kuti anthu asandione. Koma ku Lisungwi kuli malo amene anthu saona? Posakhalitsa mbiri inamveka kuti a Mgolo akumagwadira khoma la golosale m'mawa uliwonse, akunong'ona ndi kusuntha nyemba m'matumba. Ati n'chizimba cha malonda. Ena anasiya kugula mchere kwa ine. Mkulu wa mpingo anabwera, chipewa m'manja.

"A Dayisoni, tamva zinazake. Ife sitikhulupirira, komabe tati timve kwa eni ake. Khoma lija mumaliuza chiyani?"

"Ndimaliuza kuti wanu, thuu, fili. Bwerani muone."

Iwonso ali ndi kamimba kawo. Ndinawaimika pakhoma. Anakankha kasanu, nkhope inasintha, anatenga chipewa. "Ngati n'chizimba, n'chowawa," anatero akupuma mwawefuwefu. Nkhani ya ufiti inathera pomwepo.

Inabwera ina yoposa. Malaya atayamba kulendewera, anthu anasiya kunena kuti zikundiyendera. Anayamba kundipatsa moni wachisoni. "Muli bwanji, bambo? Koma mukupezako bwino?" Mukudziwa chimene anthu amaganiza munthu wonenepa akayamba kuwonda. Anzathu amene akumwa mankhwala a matenda amenewo tili nawo, ndipo palibe chamanyazi, koma lilime la pamsika mumalidziwa. Tsiku lina ndinapeza mayi a Yohane akulira kukhitchini.

"Kumjigo akuti mwanditengera matenda. Akuti zaka zonse za mowa zija munkapita kuti. Bambo a Yohane, tanenepaninso pang'ono, anthu atseke pakamwa."

Anayamba kundiwunjikira chakudya, kuthira mafuta ambiri mu ndiwo mwakabisira. Sindikuwadzudzula. Anakhala zaka zambiri ali mkazi wa munthu wolemekezeka, tsopano anali mkazi wa munthu wonong'onedwa. Tinapita limodzi kukayezetsa kuti mtima wawo ukhale pansi. Wawo unakhala pansi. Wa kumjigo sunakhale pansi mpaka lero.

M'mwezi wa Ogasiti sikelo ya pano inaima. Mwezi wathunthu ndikuvutika, singano osasuntha. Ndinati, ndikuzunzikiranji? Ulemu wapita, makasitomala apita, mimba ikadalipo, phiri lili pomwe lija. Ndinamwa masiku atatu otsatizana. Tsiku lachinayi Ketirina anaimba kuti Fanuwelo wasiya kudya. Ndinakhala pansi ndi foni m'manja, mutu ukuwawa, ndikudziwa kuti ngakhale nditanyamuka nthawi yomweyo sindingafike. Palibe chimene ndikanachita. Munthu akufa kumtunda, ine ndili kumunsi ndi nyemba m'thumba. Ndinapita kuseri, ndinakhala pa benchi, ndinadzuka. Ndinakhala, ndinadzuka. Osati chifukwa cha chikhulupiriro ayi. Ndinalibe china choti ndichite ndi thupi langa. Patapita masiku awiri anaimbanso kuti wamwa phala.

Umu ndi mmene miyezi inayendera. Foni ikalira, mtima unkaima. Ndinkapempha a Nangozo mwezi uliwonse kuti andilole, iwo n'kumati, "Mukakwera sitepe ija kwa nthawi yoti madzi a tiyi awire, osaima, mudzandiuze." Zinatheka mu Januwale.

Ndinanyamuka m'mawa ndi ndodo, botolo la madzi, nthochi ziwiri ndi mankhwala. Wa njinga anali yemwe uja. Anandiyang'ana uku ndi uku. "Madala, mnzanu uja mwamusiya kuti?" Mtsinje unali m'mawondo. Ndinadutsa mtengo wa masuku uja ndikupumabe ngati munthu. Musaganize kuti ndinakwera ngati mnyamata. Ndinapuma kosawerengeka. Pena ndinkakwawa ndi manja. Amayi osenza mitolo ankandipitirira n'kumati, "Limbani agogo." Mwala uja ulipobe, wamera ndere. Sindinakhalepo, ngakhale miyendo inkapempha. Ndinakakhala patsogolo pake, pamatope. Njira imene anthu akumeneko amayenda asanadye kadzutsa, ine ndinafika dzuwa litapendeka.

Fanuwelo anali pamphasa pakhonde, atatsamira khoma. Munthu amene ndinamusiya ali ndi mapewa ngati chitseko anali atatsala mafupa. Dzanja lamanzere linali pamwendo ngati la munthu wina. Pakamwa panapotoka. Ketirina anandipatsa madzi, anatiyang'ana tonse awiri, n'kupita kuseri.

Fanuwelo amayankhula pang'onopang'ono, mawu amodziamodzi, koma ukakhala pafupi umamva.

"Mwabwera ndi miyendo yanu, achimwene?"

"Ndi yanga."

"Mwatha. Mukudwala?"

"Ayi. Ndachita dala."

"Dala?" Anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope. "Kumunsi kuli misala."

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'miyezi yonseyo. Onse anathawa. Ndinangoti, "Fanuwelo, tsiku lija sindinabinye phazi. Ndinanama. Mpweya unandithera, ndinachita manyazi. Ndinadziwa tisananyamuke kuti sindingathe, koma sindinanene. Esinati anachedwa chifukwa cha ine."

Nkhuku inadutsa pakati pathu.

"Ndinadziwa," anatero.

"Unadziwa liti?"

"Pomanga pomwe paja. Phazi lobinya limatentha. Lanu linali lozizira. Ndiponso ine ndinamanga lamanja. Pamaliro munkatsimphina lamanzere."

Ndinafuna nthaka itseguke. Zaka zonsezo ndinkathawa munthu woti akudziwa kale.

"Nanga bwanji sunanene?"

"Ndikananena, akanadzuka? Ndinataya mkazi ndi mwana tsiku limodzi. Ndinati ndisatayenso mkulu wanga. Koma munapitabe." Anapuma, anapukuta malovu ndi dzanja lamoyo lija. "Komanso amene anati tisadikire ndani? Ndine. Ndinaona mimba, ndinati ndi mphamvu. Inu muli ndi phazi lanu. Ine ndili ndi mawu angawo. Palibe tsiku limene sindiwamva."

Ndinagwada, ndipo ndikuuzeni kuti chaka chapitacho sindikanatha n'kugwada komwe. Ndinati, "Mphwanga, undikhululukire."

Sanandiyang'ane. Anayang'ana kumunsi kwa nyumba, kumene kuli munda wake.

"Mawu amenewo ndawafunafuna, achimwene. Ndinkaganiza kuti mukadzabwera ndidzawapeza. Mwabwera, koma sindikuwaona." Kenako anati, "Chimanga chija achemwali anadzala, koma msana wawakana. Udzu wachimeza."

Sananenenso china tsiku limenelo.

Ndiye abale anga, musandifunse ngati anandikhululukira. Ali moyo, ndakwerako kawiri chichokereni tsiku limenelo, ndipo sananenebe. Mwina sadzanena. Musandifunsenso ngati ndachira. Shuga ndili nayebe, mimba yatsala theka, mowa umandiitanabe ndikamadutsa pamsika. Mpando ndi khoma sizidzutsa akufa. Chimene zinandichitira n'chakuti zinandifikitsa pakhonde paja munthuyo akupumabe. Ngati wina pano ali ndi kwake kumene thupi likumuletsa kufika, ayambe lero, pa benchi yomwe wakhalapoyo, chifukwa zimatenga nthawi yaitali kuposa mmene odwala athu angadikirire.

Ndinagona kwa Ketirina, thupi lonse likuwawa ngati andimenya. Kutacha ndinamwa mankhwala, ndinadya chimanga chootcha chimodzi, n'kupempha khasu. Mchemwali wanga anandiyang'ana m'manja.

"Manja a chenji amenewo? Mutuluka matuza musanathe mzere."

"Ndipatseni basi."

Ndinatsikira kumunda kwa Fanuwelo. Udzu unali m'chiuno, chimanga chachikasu, chowonda. Ndinapalira mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Matuza anatuluka monga ananenera, ndipo limodzi linaphulika. Ndinakhala pansi pakati pa mizere, ndikupuma ngati ng'ombe. Nditakweza maso ndinaona kuti amutulutsa kale pakhonde, ndipo akundiyang'ana. Sanakweze dzanja, sanaitane. Ndinalavulira m'manja, ndinadzuka, n'kuyamba mzere wachinayi.